Mmene mpando wa m'nyumba ya kanema unasandukira keyala

M'zaka za m'ma 1920 eni nyumba zoonetsera kanema ku America sankafuna n'komwe kumva fungo la chakudya m'maholo mwawo. Anali atamanga nyumba zikuluzikulu za makapeti odula ndi nyale zolendewera kudenga, pofuna kukopa anthu a ndalama amene anazolowera zisudzo zapamwamba, ndipo mbuliwuli ankaziona ngati chakudya cha mumsewu, chongodetsa pansi ndi kusokosa m'kamwa. Lero makampani a ntchito yomweyo ali ndi makhitchini, ophika, operekera zakudya, komanso pulogalamu ya pakompyuta imene imadziwa kuti munthu wa pampando F12 m'chipinda chachitatu akudikira nkhuku ndi tchipisi filimu ikangofika pakati. Ambiri amati izi n'zipatso chabe za luso lamakono, koma mbiri ikuonetsa kuti makina analowamo mochedwa kudzathetsa vuto lakalekale la malonda: phindu la mwini nyumba ya kanema lili pa chakudya, pamene nthawi yogulitsira chakudyacho ndi yochepa kwambiri. Chilichonse chimene chasintha pakauntala kwa zaka pafupifupi 100 chakhala njira yotalikitsira nthawi imeneyi.

Amene anayamba kuona ndalama pamenepa sanali eni nyumba ayi, koma ogulitsa a panja. Charles Cretors wa ku Chicago anapanga makina okazingira oyendera nthunzi mu 1885, ndipo mu 1893 anaonetsa ngolo yake yokankha pa chionetsero chachikulu cha mumzindawo. Ngolo zotere zinkatha kuima paliponse pamene pali khamu, kuphatikizapo pakhomo pa nyumba ya kanema. Mafilimu olankhula atayamba ndi The Jazz Singer mu 1927, ngakhale osadziwa kuwerenga anayamba kudzaza maholo, ndipo chuma chitagwa mu 1929 thumba la masenti 5 kapena 10 linali chisangalalo chimene banja losauka likanakwanitsabe. Eni nyumba anayamba ndi kubwereketsa malo a pakhomo kwa ogulitsawo, kenaka anaona kuti akudyetsa ena nyama n'kumatsala ndi mafupa, n'kugula makina awoawo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inathandizira: boma la America litayamba kugawa shuga mopimira mu 1942, maswiti anasowa, chimanga n'kutenga malo.

Chimene chinakhomerera msomali ndi kagawidwe ka ndalama. Mu 1948 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa boma ndi kampani ya Paramount, linagamula zimene zinachititsa kuti makampani opanga mafilimu asiye kukhalanso eni nyumba zoonetsera. Kuyambira pamenepo mwini holo anakhala wamalonda woima payekha, amene amapereka pafupifupi theka la ndalama za matikiti, nthawi zina kuposerapo, kwa eni filimu. Za chakudya zokha ndiye sagawana ndi mwini filimu aliyense. Ofufuza awiri, Ricard Gil ndi Wesley Hartmann, ataunika mabuku a kampani ina ya nyumba za kanema ku Spain anafalitsa zotsatira zawo mu 2009, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya kafukufukuyu n'chakuti chakudya chimabweretsa pafupifupi 20 peresenti ya ndalama zolowa koma 40 peresenti ya phindu. Tsono taganizani mwini malonda amene gawo lalikulu chotere la phindu lake liyenera kupezeka pa mphindi zochepa zimene anthu mazana akulowa onse pamodzi. Munthu akaona mzere wautali pakauntala filimu itatsala pang'ono kuyamba, amangodutsa, ndipo ndalama yakeyo yapita basi, chifukwa akakhala pansi mumdima sadzukanso.

Njira zoyamba zothana ndi vutoli zinali za miyendo ndi mawu. Ku Britain atsikana oonetsa anthu pokhala ankatsika m'tinjira ta m'holo atakolekera thireyi ya ayisikirimu m'khosi nthawi yopumira, monga amachitira ogulitsa nthochi pamawindo a basi ikangoima pasiteji. Ku America, Richard Hollingshead anatsegula malo oonerera kanema uli m'galimoto ku Camden, New Jersey, mu 1933, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 malo otere anali pafupifupi 4,000. Nthawi yopumira inali msika weniweni, ndipo ena ankatumiza antchito kukapereka chakudya pagalimoto. Ku India nthawi yopumira ilipobe mpaka lero, moti mafilimu ambiri a kumeneko amalembedwa kale ndi malo odulira. M'maiko ena ambiri inafa pang'onopang'ono, pamene nyumba za zipinda zambiri, zimene Stanley Durwood wa kampani ya AMC anazitchukitsa kuyambira 1963 ku Kansas City, zinapeza njira ina: kusiyanitsa nthawi zoyambira mafilimu kuti kauntala imodzi itumikire magulu motsatizana tsiku lonse. Ngakhale kabowo koikamo kapu pa chogwirira cha mpando, kamene AMC inayamba kuika mu 1981, n'ka nkhani yomweyi, pakuti kapu yaikulu imagulika pokhapokha munthu ali ndi poikhazika.

Makina a pakauntala ali ndi mbiri yawoyawo, ndipo inayamba ndi kukayikirana. James Ritty, mwini malo omwera mowa ku Dayton, Ohio, anapanga makina owerengera malonda mu 1879 chifukwa ankaona kuti antchito ake akuponya ndalama m'matumba mwawo; John Patterson anagula ntchitoyo mu 1884 n'kuitcha National Cash Register. Mtima womwewo unalowa m'nyumba za kanema. Popeza palibe angawerenge mbuliwuli imodziimodzi kapena madontho a chakumwa, mabwana anaphunzira kuwerenga makapu ndi matumba: ochoka m'sitolo ayenera kufanana ndi olembedwa pa makina, apo ayi wina afotokoze. Kampani ya IBM itatulutsa makina a m'masitolo olumikizidwa ku kompyuta mu 1973, ndipo barcode itawerengedwa koyamba pa paketi ya chingamu mu sitolo ina ya ku Troy, Ohio, mu 1974, ntchito yowerengayi inafulumira. Komabe kwa zaka zambiri kogulitsira matikiti ndi kogulitsira chakudya kunali ngati maiko awiri osalankhulana. Makina a chakudya sankadziwa kuti wogulayo akupita m'chipinda chiti, kapena kuti filimu yake iyamba liti.

Kusintha kwenikweni kunadza pamene mabuku a matikiti ndi a chakudya anaphatikizidwa. Kampani ya Vista, imene inayamba ku Auckland m'dziko la New Zealand mu 1996 ndipo pano mapulogalamu ake amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndi imodzi mwa zimene zinamanga matikiti, ndandanda ya mafilimu, chakudya ndi sitoko pa maziko amodzi. Chaka chotsatira, 1997, chinabala zitsanzo ziwiri zosiyana. Ku Melbourne, Village Cinemas inatsegula Gold Class, zipinda zazing'ono za mipando yogonekeka momwe munthu amaitanitsa chakudya asanalowe n'kunena nthawi imene akufuna chimupeze. Ku Austin, Texas, Tim ndi Karrie League anatsegula Alamo Drafthouse, kumene kwa zaka zambiri woonera ankalemba zofuna zake pa kapepala n'kukaimika patsogolo pake kuti woperekera akatole mwakachetechete. Njira ya kapepala inkayenda chifukwa wantchito ankaona yekha pamene munthu wakhala. Njira ya kompyuta inkafuna chinthu china chimene maholo ambiri a ku America analibe mpaka m'zaka za m'ma 2010: mpando wa nambala wogulidwa pamodzi ndi tikiti. Popanda nambalayo pulogalamu ilibe kotumiza chakudya. Ikakhalapo, mpando wasanduka keyala.

Zimene pulogalamu yotere imachita zimaoneka zazing'ono mpaka utaziyala. Chilichonse chogulidwa chimapatsidwa njira yofikira kwa mwini wake: kutenga pomwepo pakauntala, kukatenga pa malo osungirako zoitanitsidwa kale, kapena kuperekedwa pampando. Munthu akasankha pampando, zimene wagulazo zimamangiriridwa ku chionetsero chake, ndiye kuti filimu, chipinda, ola ndi nambala ya mpando. Kenaka pamabwera funso la nthawi: filimu isanayambe, itangoyamba, kapena pakati. Apa ndiye pagona nzeru, chifukwa munthu akhoza kulipira pafoni m'mawa pamene filimu yake ndi ya usiku, ndipo kukhitchini sayenera kumva za iye mpaka nthawi itayandikira. Pulogalamu imasunga uthengawo, n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera pa ola loperekera, kuchotsapo mphindi zophikira, kenaka n'kuutulutsa pa kapepala kapena pa sikirini ya ophika. Imaugawanso: zakumwa zipite kwa othira, zootcha kwa a pamoto, zozizira zichedwe pang'ono kuti zonse zikumane pa thireyi imodzi. Sitoko imachotsedwa motsata zosakaniza za chakudya chilichonse, kotero kuti buledi akatha, zonse zofuna buledi zimazimiririka pa mndandanda wa pafoni. Ndipo woyang'anira akasamutsa filimu kuchoka m'chipinda chachitatu kupita m'chachisanu chifukwa anthu achuluka, makeyala onse aja ayenera kusamuka nayo, chinthu chimene makina akale osadziwa za matikiti sakanachita.

Katundu wosadyedwa, monga malaya, zidole ndi ndowa zokongoletsedwa zoikamo mbuliwuli, ali ndi khalidwe lina. Safuna moto, sazizira, ndipo amawerengedwa mmodzimmodzi ngati m'golosale. Kale ankangokhala chokongoletsa pashelefu, koma filimu ya makonsati a woimba Taylor Swift mu 2023 ndi ndowa ya filimu ya Dune: Part Two imene AMC inagulitsa mu 2024 zinaonetsa kuti anthu akhoza kulimbirana chotengera kuposa za m'kati mwake. Vuto la pulogalamu apa ndi lonjezo. Ikalola anthu kulipira ndowa pa intaneti, iyenera kuipatula m'sitoko ya nyumba yeniyeniyo nthawi yomweyo, kuopa kuti wa pakauntala angaigulitse kwa wina. Ndowayo ikagulitsidwa pamodzi ndi mbuliwuli pa mtengo umodzi, makina ayenera kuchotsa zinthu ziwiri m'mabuku awiri, komanso kusankha ngati zonse zidikire thireyi kapena mwini wake atengeretu ndowa pakhomo.

Wina anganene kuti kufotokoza zonsezi ngati njala ya phindu n'kuwalakwira eni nyumba, popeza oonera eniake ndiwo amafuna kutumikiridwa, makamaka pano pamene Netflix yawapatsa mpando wa kunyumba ndi khitchini yawo pafupi. M'mawu amenewa muli choonadi, pakuti palibe amene amakonda mzere. Koma ndondomeko ya zaka ikukana kuti chiyambi chili pamenepo: thireyi ya ayisikirimu, kusiyanitsa maola, Gold Class ndi Alamo Drafthouse zonse zinalipo Netflix isanayambe kuonetsa mafilimu pa intaneti mu 2007. Mpikisano wa kunyumba unangofulumizitsa ulendo umene unayamba kale. Enanso amadandaula za mitengo, ndipo amene analipirapo kapu ya chakumwa m'malo otere sangawatsutse. Gil ndi Hartmann anayankha kuti kukweza chakudya kumathandiza kuti tikiti isakwere kwambiri, kotero kuti wofuna filimu yokha amalowa motchipa pa msana wa wokonda kudya. Mfundoyi ndi yomveka, ngakhale kuti imagwira ntchito pokhapokha mwini nyumba atatseka chipata kwa chakudya cha kunja. Ku India nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu, limene mu January 2023 linagamula kuti mwini holo ali ndi ufulu woletsa zakudya zobwera nazo, bola apereke madzi akumwa aulere.

Dandaulo lolemera kuposa onse ndi la filimu yeniyeniyo. Anthu amapita kukakhala mumdima kuti aiwale dziko kwa maola awiri, ndiye woperekera wowerama akudutsa patsogolo, mafoloko akulira m'mbale ndi mafoni akuwala poitanitsa zina, zonsezi zikudya chinthu chimene tikiti inalonjeza. Apa pulogalamu ili mbali zonse ziwiri. Ndi imene yabweretsa foni m'holo, komanso ndi imene ingachepetse chisokonezo: ikhoza kutseka kuitanitsa filimu ikafika pa mphindi yakutiyakuti, kusonkhanitsa mathireyi a mzere umodzi wa mipando kuti wantchito alowe kamodzi m'malo mwa kasanu, ndi kukana kulandira zoitanitsa zoposa zimene manja alipo angakwanitse pa nthawi imodzi. Zonsezi ndi zosankha za munthu, osati za makina. Woyang'anira amene asiya chitseko chotsegula mpaka kumapeto kwa filimu wasankha ndalama ya lero, ndipo amene atseka msanga wasankha kuti woonera adzabwerenso. Pulogalamu imangomvera, ndipo lipoti limene imatulutsa usiku uliwonse limaonetsa ndalama imene munthu mmodzi wawononga pa chakudya, koma mulibe mzere wolembapo kuchuluka kwa anthu amene anasokonezedwa. N'chifukwa chake m'posavuta kuti chosankhacho chipendekere mbali imodzi.

Malire omaliza amene anagwa ndi khoma la nyumbayo. Mu 2018 kampani ya Cineplex ya ku Canada inagwirizana ndi Uber Eats kuti mbuliwuli ndi zakumwa zake zizikafika m'makomo mwa anthu, ndipo mliri wa Covid-19 utatseka maholo mu 2020, nyumba zambiri za kanema zinkagulitsa chakudya chotengera pakhomo ngakhale makina oonetsera anali ozima. Pa mndandanda wa njira zoperekera panawonjezeka ina yosamangiriridwa ku filimu iliyonse, yopanda chipinda kapena nambala ya mpando, yongofuna dzina la msewu ndi woyendetsa njinga kapena galimoto wodikira panja.