Nsanje ya Pachibale m'Mabuku a Ana

Ana a bere limodzi sanayambe lero kulimbana. Wamkulu amadandaula kuti mng'ono wake wamulanda malo pamsana pa amayi, wamng'ono nayenso amalira kuti mkulu wake amamukaniza zonse. Nkhani ya lero ikulongosola m'mene alembi a mabuku a ana ku England ndi ku America anasinthira kaphunzitsidwe kao pa vuto limeneli m'zaka zoposa 150, makamaka m'mabuku ogawidwa m'mitu ifupiifupi, amene mwana amayamba nawo kuwerenga yekha.

Poyamba alembi ankaphunzitsa mwa kuopseza. M'chaka cha 1818 Mayi Mary Martha Sherwood a ku England anatulutsa buku lotchedwa The History of the Fairchild Family. M'bukumo ana atamenyana chifukwa cha chidole, atate awo anawakwapula, ndipo kenaka anawatengera kunkhalango kukawaonetsa mtembo wa munthu wonyongedwa, uli lende m'maunyolo. Munthuyo anali atapha mbale wake. Phunziro lake linali lakuti kamkwiyo ka lero ndiko kamabala mbanda ya mawa. Makolo ambiri anagula bukuli, koma m'kupita kwa nthawi osindikiza ena anachotsamo mutu umenewu poona kuti unali woopsa kwa ana.

Patapita zaka 50, mu 1868, Louisa May Alcott wa ku America analemba Little Women, buku la ana okulirapo. M'menemo Amy atentha nthano zimene mkulu wake Jo analemba movutikira. Jo akana kumukhululukira, ndipo posakhalitsa Amy atsala pang'ono kumira mumtsinje. Chachilendo chinali chakuti amayi awo sanagwire mkwapulo, koma anaulula kwa Jo kuti iwonso amalimbana ndi mtima wapachala masiku onse. Apa kholo linayamba kuoneka ngati munthu amene nayenso akuphunzira kuugwira mtima.

Wailesi inathandiza kufikitsa nkhani zotere kwa ana aang'ono. Mu 1950 nyumba youlutsira mawu ya BBC inayambitsa pologalamu ya mphindi 15 yotchedwa Listen with Mother, imene inatha mu 1982. Pa pologalamu imeneyi anawerengapo nthano za Dorothy Edwards, zimene zinasindikizidwa mu 1952 m'buku la My Naughty Little Sister. Wosimba nthanozo ndi mkulu amene akukumbukira kupulupudza kwa mng'ono wake, ndipo amasimba moseka, mosasunga mangawa.

Koma amene anafika pa tsinde la nkhaniyi ndi Beverly Cleary, amene anabadwa mu 1916 namwalira mu 2021. Iye anagwirapo ntchito yoyang'anira mabuku a ana m'laibulale ya mumzinda wa Yakima, kumene anaona kuti ana ankasowa nkhani zonena za ana wamba onga iwo. Mu 1955 anatulutsa Beezus and Ramona. Beezus ali ndi zaka 9, Ramona zaka 4, ndipo amakhala mumzinda wa Portland. Ramona alembalemba m'buku lobwereka kulaibulale, aluma kamodzikamodzi maapozi ambirimbiri nkuwasiya, ndipo pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Beezus aononga makeke awiri, yachiwiriyo poika chidole chake mu uvuni. Koma chimene chikumudya Beezus mumtima si makekewo ayi. Iye akudziona ngati mwana woipa chifukwa nthawi zina samukonda mng'ono wake. Ataulula zimenezi pa nthawi ya chakudya, amayi ake ndi amayi ake aang'ono, a Beatrice, angoseka, nayamba kusimba m'mene iwonso ankayambanirana ali ana.

Judy Blume anapitiriza njira yomweyi mu 1972 ndi buku la Tales of a Fourth Grade Nothing. Peter, mnyamata wa zaka 9 wa ku New York, akuona kuti makolo ake amalekerera mng'ono wake Fudge, mpaka tsiku lina mwanayo ameza kakamba kamene Peter ankaweta. Anthu onse athamangira kuchipatala ndi Fudge, osalabadira chisoni cha Peter, kufikira pamene makolo azindikira nampatsa kagalu. Nayenso Cleary, kuyambira ndi Ramona the Pest mu 1968, anatembenuza nkhani nayamba kusimba monga m'mene Ramona mwini amaonera zinthu, kuti owerenga amvetse kuti mwana wotchedwa wovuta amakhala akuyesetsa kudziletsa, kungoti zimamukanika.

Kusintha kumeneku nkofunika kwa makolo ndi aphunzitsi posankha mabuku. Mwana wophunzitsidwa mwa mantha amabisa mkwiyo wake, ndipo mkwiyo wobisika umatulukira kuseri, pamene akuluakulu palibe. Koma mwana amene wawerenga za Beezus kapena Peter amadziwa kuti kupsa mtima ndi kwina, kuchita choipa ndi kwinanso, ndipo amapeza mawu onenera zimene zili kukhosi kwake asanatukule dzanja. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Alembi awa anangoonjezerapo kuti kukangana kwa tsiku limodzi sikuthyola fupalo.