Ulendo wa Mau Ocokera ku Chiparamba

Pa caka ca 1924, pamene Kampani ya British South Africa inaleka kulamulira Northern Rhodesia, Boma la Angelezi linakhazika Bwalo la Malamulo ku Livingstone. M'bwalomo munali Bwanamkubwa, akuru a nchito za Boma, ndi Azungu owerengeka oimira Azungu anzao. Munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Koma malamulo a msonkho ndi a nthaka opangidwa m'menemo anafika pa khomo la munthu ali yense, ngakhale m'midzi ya ku Chiparamba, kufupi ndi Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata.

Anthu a dera limenelo anali ndi mlandu waukuru. Kampani ya North Charterland inagwira nthaka yambiri yabwino, ndipo Angoni ndi Acewa anapanikizidwa m'malo owapatulira, momwe minda inaguga ndi mitengo inatha. Nanga mwini munda akanadandaula kwa yani? Ankanena kwa nyakwawa, nyakwawa kwa mfumu, mfumu kwa Bwana D.C., ndipo mau akafika m'kalata ya Bwanayo ankaima pomwepo kapena kupitirira monga iye afunira. Boma linagula nthaka yaikuru ya kampaniyo pa 1941, anthu atasauka kale zaka zambiri.

Pa 1938 Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu anaikidwa m'Bwalo, limene tsopano linali ku Lusaka, kuti alankhulire anthu akuda. Anagwira nchitoyo ndi mtima, koma anali ngati nkhoswe imene banja silinasankhe. Pambuyo pace Boma linamanga makwerero: mabwalo a mafumu anatuma anthu ku msonkhano wa cigawo, ndipo misonkhano ya zigawo inatuma anthu ku African Representative Council, imene inayamba pa 1946. Msonkhano umenewu unali wopereka uphungu cabe, wosapanga lamulo. Koma pa 1948 unasankha Aafrika awiri oyamba kulowa m'Bwalo la Malamulo, Mbusa Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango.

Kucepa kwa mphamvu ya makwererowo kunaoneka poyera pa nkhani ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Mafumu anakana, misonkhano inakana, Aafrika a m'Bwalo anakananso, koma pa 1953 Citaganya cinakhazikidwabe. Kuyambira pomwepo anthu ambiri anataya cikhulupiriro m'njira yodzera kwa Bwana D.C., natembenukira ku zipani. Masankho a 1962 anali ndi mikuku yosiyana ya oponya voti, yobvuta kuimvetsa ngakhale kwa ophunzira. Mu January 1964 ndi pamene mwamuna ndi mkazi ali yense wamkulu anaponya voti, mlimi wosadziwa kulemba pamodzi ndi mphunzitsi wace. Dziko linalandira ufulu pa 24 October, ndipo Wesley Nyirenda, phungu wa Fort Jameson, anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo mpaka 1968. Pa nthawi yaceyo, pa 1967, aphungu analowa m'nyumba yao yatsopano pa Manda Hill.

Kacitidwe ka m'nyumbamo kanatengedwa ku London. Lamulo lofunsidwa liwerengedwa katatu. Pakati pace aphungu akangana pa mutu wace, napenda ndime zace imodzi imodzi, ndipo likabvomerezedwa lipita kwa Pulezidenti kuti alisaine. Makomiti a aphungu aitana anthu kupereka maganizo ao, ndipo phungu ali ndi ofesi m'dera lace, kumene munthu wa ku Chiparamba angatule dandaulo la feteleza kapena la mseu popanda ulendo wa ku Lusaka.

Cotsala ndi cinenero. Mikangano ya m'Nyumba icitika m'Cingelezi monga pa 1924, ndipo kuyambira 2016 wofuna kukhala phungu ayenera kukhala ndi setifiketi ya Grade 12. Nkhalamba imene idziwa malire onse a minda ya kwao iponya voti ndithu, koma zonena phungu wace pa Manda Hill izimva mwa womasulira.