"Gasi watha" ndi mawu ena a pa eyakoni

Eyakoni ikayamba kudonthetsa madzi pakhoma kapena kukana kuyaka, mawu amene eni nyumba ambiri amauzidwa ndi akuti "gasi watha". Amalipira, gasi amathiridwa, koma pakangopita milungu ingapo khoma lanyowanso. Chonsecho gasi wa mu eyakoni sachepa chifukwa choti makina agwira ntchito nthawi yaitali. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka ku kompuresa ya panja kupita ku koilo ya m'nyumba n'kubwereranso. Akachepa ndiye kuti penapake pali pobooka, ndipo kuthira wina osatseka pamenepo n'kutaya ndalama. Gasiyo alinso ndi mitundu yake yolembedwa pa kachikwangwani ka pa makina a panja: R22 wa makina akale, amene akuthetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987, komanso R410A ndi R32. Mitunduyi sisakanizidwa.

Nanga madzi amachokera kuti, poti mu eyakoni ya m'nyumba simuthiridwa madzi? Amachokera mu mpweya wa m'chipindamo. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi, ndipo ukakhudza koilo yozizira, chinyezicho chimasanduka madontho, monga mmene botolo la chakumwa lochokera mu furiji limachitira thukuta patebulo. Amisiri amawatchula kuti condensate. Ndipotu ntchito yoyamba ya makinawa inali imeneyi, yochotsa chinyezi mu mpweya. Mu 1902, Willis Carrier anakonza makina ake chifukwa cha kampani ina yosindikiza ku Brooklyn, kumene chinyezi chinkafufumitsa mapepala n'kusokoneza mitundu ya inki. Zoziziritsa anthu m'nyumba zinabwera pambuyo. Choncho eyakoni yotulutsa madzi siyowonongeka ayi. Nkhani ndi yakuti madziwo akutulukira kuti.

Pansi pa koilo pali kathireyi kolandira madonthowo, ndipo kuchokera pamenepo pali paipi yopyapyala yodutsa pakhoma kupita panja, imene amaitcha dreni. Pa makina ambiri opachika pakhoma palibe pampu. Madzi amayenda okha chifukwa paipiyo yatsetsereka. Apa ndiye pamene pamagona mavuto ambiri. Fumbi la mu Okutobala likasakanikirana ndi madzi limapanga matope, mumameranso ndere, ndipo nthawi zina tizilombo timamanga chisa kukamwa kwa paipiyo m'miyezi yozizira pamene makina anali chikhalire. Mvula ikayamba, chinyezi n'kuchuluka ngati mmene zimakhalira ku Salima kapena ku Mangochi mu Januwale, kathireyi kamasefukira m'nyumba. Pena vuto ndi la amene anapachika makinawo: anawapendeketsera mbali imene kulibe dreni, kapena paipi ili ndi pokwera pena pake. Kuyesa kwake n'kosavuta. Makina atayaka kwa kanthawi, pitani panja mukaone ngati paipiyo ikudontha. Ngati panja pali pouma koma m'nyumba mukudontha, musakambe za gasi, vuto lili pa dreni.

Palinso kudontha kwa mtundu wina, kochokera ku madzi oundana. Mukatsegula chivundikiro cha kutsogolo mupeza timasefa ta fumbi. Tikadzaza, mpweya sudutsa mokwanira, koilo imazizira mopitirira muyeso mpaka kuchita ayezi, ndipo ayeziyo akamasungunuka amachulukira kathireyi. Kutsuka timasefato ndi madzi n'kutiumitsa pamthunzi ndi ntchito yoti aliyense angathe, koma m'maofesi ambiri simupezeka woikumbukira. Gasi wochepa nayenso amaundanitsa koilo, ndipo apa ndi pamene mawu aja akuti "gasi watha" angakhale oona. Komabe yambani ndi sefa.

Kukana kuyaka kulinso ndi mawu ake. Magetsi akazima n'kubwerera, kompuresa simayamba nthawi yomweyo. Makina ambiri amadikira pafupifupi mphindi 3 kuti mphamvu ya gasi ifanane mbali zonse ziwiri, apo ayi mota ingavutike kuzungulira n'kupsa. Munthu wosadziwa amakanikiza rimoti kambirimbiri n'kuweruza kuti zafa. Rimotiyo nayo imapusitsa: mabatire atha, kapena wina waika pa fan m'malo mwa cool, kapena nambala yaikidwa pa 28 pamene chipindacho chili pa 26, ndiye makina alibe chifukwa choziziritsira.

Mukamva makina a panja akung'ung'udza koma osazungulira, kenako n'kukhala chete, woganiziridwa woyamba ndi kapasita. Ndi kachitini kosunga mphamvu ya magetsi kothandiza mota kuyamba ndi kupitiriza kuzungulira, ndipo kukula kwake kumalembedwa m'mamaikorofaradi, mwachidule µF. Kakafa kamatupa pamwamba nthawi zambiri. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompuresa, n'chifukwa chake munthu akauzidwa kuti kompuresa yapsa ayenera kufunsa ngati kapasita yayesedwa. Magetsi ofooka amabweretsanso kung'ung'udza komweku. Makina athu amafuna mphamvu ya pafupifupi mavolti 230, ndipo ikatsika kwambiri mota imakoka magetsi ochuluka n'kutentha. Kachipangizo koteteza, kodula magetsi akatsika kapena akakwera, n'koyenera kugulira limodzi ndi eyakoniyo. Za kapasitayi zikukhudza makamaka makina akale oyaka n'kuzima. A inverter amasintha liwiro la kompuresa kudzera pa bolodi ya zamagetsi, ndipo akavuta amaonetsa nambala kapena kuphethira nyali. Tanthauzo la nambalazo limasiyana pakati pa Samsung, LG, Hisense ndi ena, choncho kabuku kobwera ndi makina musakataye.

Pa makina ena, makamaka a kudenga, mavuto awiriwa, kudontha ndi kukana kuyaka, amakumana. Mu thireyi mumakhala kaswitchi koyandama kamene kamazimitsa makina madzi akadzaza. Mwini wake amafufuza za magetsi pamene cholakwa ndi dreni.

Kutsuka sefa, kuyang'ana paipi ya madzi ndi kusintha mabatire mungachite nokha. Koma bureka ikagwa kawiri motsatizana musaikwezenso, ndipo kapasita musaigwire, chifukwa imatha kusunga magetsi ngakhale mwazimitsa pa switchi. Itanani mmisiri, ndipo akanena kuti gasi watha, mupempheni akuonetseni pamene pabooka asanathire wina.