Lamya za pa intaneti m'madera othithikana a Harare

Lamya ya pa intaneti, yotchedwa VoIP, imaduladula mawu kukhala timagawo ting'onoting'ono n'kutitumiza kudzera pa netiweki. Ku Zimbabwe, bungwe la POTRAZ linapatsa lamya zoterezi manambala oyamba ndi 086.

Ofesi ya ku Highfield, Mbare kapena Mufakose imafunika kompyuta, mahedifoni ndi rauta yotsogoza mawu, mafayilo n'kubwera pambuyo. Kuyimba kumodzi kumadya makilobiti pafupifupi 100 pa sekondi. Bungwe la ITU limalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150, chifukwa akachedwa, olankhulana amadulana mawu.

Chopinga chachikulu ndi magetsi: mu 2019 ZESA inkawathimitsa mpaka maola 18 patsiku. Rauta ikazima, lamya nayonso imaduka, choncho ofesi yopanda batire kapena sola imataya makasitomala.