Kuchokera pa khungu lofiira kufika pa gray: mbiri ya oyeza cheza m'chipatala

Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray mumzinda wa Würzburg mu Novembala 1895, madokotala anailandira msanga. Sipanapite chaka, anali atayamba kale kuunika nayo mafupa othyoka komanso kuyesa kuwotcha nayo zotupa. Vuto linali limodzi: panalibe amene ankadziwa kuchuluka kwa cheza chimene akulowetsa m'thupi la munthu. Cheza sichioneka, sichinunkha, ndipo polowa sichipweteka.

Muyezo woyamba unali khungu lenilenilo. Dokotala ankawalitsa cheza mpaka khungu lifiire, basi n'kunena kuti mlingo wakwana. Ena poyesa makina m'mawa ankaika dzanja lawo lomwe. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Clarence Dally, yemwe ankathandiza Thomas Edison, anadulidwa mikono yonse iwiri ndipo anamwalira mu 1904. Guido Holzknecht wa ku Vienna, amene mu 1902 anapanga kachipangizo kosintha mtundu cheza chikakagunda, nayenso anaduka zala, kenaka anafa mu 1931. Ku Hamburg kuli mwala wachikumbutso umene anauimika mu 1936, wolembedwa mayina a anthu ophedwa ndi ntchitoyi.

Zipatala zinaona kuti apa pakufunika munthu wa masamu ndi fizikisi. Sidney Russ analembedwa ntchito pa Middlesex Hospital ku London mu 1913. Ku New York, Edith Quimby anayamba mu 1919 kugwira ntchito ndi Gioacchino Failla, ndipo anathandiza kukonza kabaji ka filimu kovala ogwira ntchito, kosonyeza cheza chimene munthu walandira. Ku Stockholm kunali Rolf Sievert, ndipo mumzinda womwewo mu 1928 akatswiri a mayiko osiyanasiyana anagwirizana muyezo umodzi wotchedwa röntgen. Kuyambira pamenepo dokotala wa ku Paris ndi wa ku Manchester akanatha kuyerekeza chithandizo chawo.

Komabe röntgen inkayeza zimene cheza chachita mumpweya, pamene wodwala ndi mnofu ndi mafupa. Amene anatsegula njira ndi Louis Harold Gray wa pa Mount Vernon Hospital, yemwe mu 1936 anafotokoza momwe kuyeza kwa mu kampata kakang'ono ka mpweya kungaululire mphamvu imene mnofu wozungulira wayamwa. Anamwalira mu 1965, ndipo mu 1975 dzina lake linasanduka muyezo: gray imodzi ndi joule imodzi pa kilogalamu. Kuti timve kulemera kwake, wodwala khansa angalandire ma gray 60 kapena 70 pa chotupa chokha, awiriawiri tsiku lililonse, pamene ma gray 5 okha pa thupi lonse nthawi imodzi angathe kupha munthu. Muyezo wa sievert, wokhudza chitetezo, unavomerezedwa mu 1979.

Mu 1951 Harold Johns ndi ophunzira ake ku Saskatoon, mmodzi mwa iwo Sylvia Fedoruk, anakonza makina a cobalt-60 amene cheza chake chinkafika pa zotupa zakuya osapsereza kwambiri khungu. Koma nkhani yondigwira mtima ndi ya ku Cape Town. Mu 1956 chipatala cha Groote Schuur chinatsala chopanda katswiri wa fizikisi, ndipo mphunzitsi wa pa yunivesite, Allan Cormack, anapemphedwa kukagwirizira. Anadabwa kuona kuti mlingo ukuwerengedwa ngati kuti thupi lonse n'lofanana mkati, fupa ndi mapapo chimodzimodzi. Masamu amene anayamba pofuna kukonza zimenezi ndi ena mwa maziko a makina a CT, ndipo mu 1979 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Godfrey Hounsfield.

Lero ntchitoyi ili ndi madigiri ake, maphunziro a m'chipatala komanso maprofesa ake, koma ngozi sinathe. Ku Panama mu 2000 ndi 2001 odwala 28 analandira cheza chopyola muyezo chifukwa cha momwe manambala analowetsedwera m'kompyuta, ndipo angapo anamwalira. Pofuna kupewa ngozi zotere, mabungwe a IAEA ndi WHO, kuyambira mu 1969, amatumiza timiyezo m'zipatala kuti aone ngati makina akutulutsadi mlingo wolembedwawo. Dziko lililonse logula makina owotchera khansa liyenera kuyamba laphunzitsa oyeza cheza akeake ndi kuwalipira mokwanira kuti asachoke.