Mmene Mabakiteriya Anatsatirira Nsomba Kuchoka ku Germany Mpaka ku Kariba

M'chaka cha 1894, akatswiri awiri a ku Germany, Emmerich ndi Weibel, anafufuza nsomba za mtundu wa trout zimene zinkafa pamalo oswetsera nsomba. Pamatupi a nsombazo panali zotupa zonga zithupsa, ndipo zikaphulika munkatuluka madzi a magazi. Anapezamo bakiteriya amene lero amatchedwa Aeromonas salmonicida, ndipo nthendayo inadziwika kuti furunculosis. Chaka cha m'mbuyo mwake, Canestrini wa ku Italy anali atapeza bakiteriya wina m'mikunga yofiira khungu, yemwe mu 1909 anapatsidwa dzina loti Vibrio anguillarum.

Nthenda ya zithupsa sinathere m'madamu. Inalowa m'mitsinje ya ku Britain n'kuyamba kupha nsomba za salmon zam'chilengedwe, mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza mu 1929. Zimene komitiyo inapeza zidakali zoona lero: nsomba yooneka yathanzi ikhoza kusunga bakiteriyayu m'thupi osadwala, ndipo mliri umabuka madzi akachepa n'kutentha. Choncho wogula mbewu ya nsomba kutali akhoza kugula nthenda osadziwa. Mu 1937 linatuluka lamulo loletsa kulowetsa m'dzikomo nsomba zamoyo za banja la salmon.

Katemera anatulukira msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1942, Duff wa ku Canada anasakaniza mabakiteriya akufa m'chakudya cha trout, ndipo nsomba zodya chakudyacho zinapulumuka zambiri kuposa zinzake. Koma ntchito yake inafika pa nthawi yolakwika. Mankhwala opha mabakiteriya anali atangobwera kumene, otchipa, ongothira m'chakudya basi. Ndani akanavutikanso ndi katemera? Alimi anathamangira mankhwala, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 mabakiteriya ena anali atayamba kale kusamva mankhwalawo. Katemera woyamba wa nsomba wogulitsidwa pamsika anavomerezedwa ku America mu 1976, ndipo anali wa nthenda ina, yofiiritsa kukamwa, imene inayamba kuoneka ku Idaho. Zaka zoposa 30 zinatayika pamenepo.

Phunziro lalikulu linachokera ku Norway. Ulimi wa salmon m'makola a ukonde oyandama panyanja utakula m'zaka za m'ma 1980, kunabuka nthenda ya m'madzi ozizira imene anthu anaitcha dzina la chilumba cha Hitra. Mu 1985 furunculosis nayo inafika pamodzi ndi ana a nsomba ogulidwa ku Scotland, n'kufalikira m'mafamu ambirimbiri, ndipo nsomba zothawa m'makola zinaipititsa kumitsinje. Mu 1987 mokha, alimi anagwiritsa ntchito matani pafupifupi 50 a mankhwala, ndipo ambiri ankathera pansi pa nyanja ndi zotsalira za chakudya. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene kunabwera katemera wosakaniza ndi mafuta, wobaya m'mimba. Nsomba iliyonse imagonekedwa ndi mankhwala ogonetsa n'kubayidwa jakisoni isanapite kunyanja, imodziimodzi, mamiliyoni ake. Anawonjezanso malamulo: osasakaniza nsomba za misinkhu yosiyana, ndiponso kusiya malo apume akakolola. Lero dzikolo limakolola matani oposa 1 miliyoni a salmon pachaka, koma mankhwala anatsika ndi pafupifupi 99 peresenti.

Ku Chile sizinayende choncho. Mu 1989 kunabuka Piscirickettsia salmonis, bakiteriya wobisala m'kati mwa maselo a nsomba, mmene katemera amalephera kumugonjetsa bwinobwino. Mu 2014 alimi akumeneko anagwiritsa ntchito matani oposa 550 a mankhwala.

Tsopano nkhaniyi yafika ku nsomba za m'madera otentha. Tilapia, mbale wake wa chambo ndi makumba, imagwidwa ndi Streptococcus madzi akatentha ndiponso nsomba zikathithikana: maso amatong'oka, ndipo imasambira mozungulirazungulira isanafe. Mtundu wina wa bakiteriyayu unadwalitsa anthu oposa 100 ku Singapore mu 2015 atadya nsomba zosaphika, ndipo boma linaletsa kugulitsa nsomba za m'madzi opanda mchere zodyera zaziwisi. Sikuti chilonda chilichonse pa nsomba n'cha bakiteriya ayi. Nthenda ya zilonda imene inapezeka ku Mchinji mu 2020 imayamba ndi nkhungu ya m'madzi, ndipo wothira mankhwala opha mabakiteriya m'damu lake kuti aithetse amangotaya ndalama n'kuipitsa madzi.

Vuto la tilapia n'lakuti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi salmon, motero kubaya nsomba iliyonse kumadya phindu la mlimi. Komabe m'makola a ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, kumene Lactococcus garvieae wakhala akupha nsomba m'miyezi yotentha, akatswiri a ku University of Zambia ndi anzawo a ku Norway anatenga bakiteriya wa pomwepo n'kupangira katemera. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2020 zinasonyeza kuti tilapia yobayidwa inatetezeka.