Mbiri ya Nyumba Yoyenda: Galimoto Kaye, Nyumba Pambuyo

M'misewu ya ku America, ku Ulaya, ku Australia ndi ku South Africa mumayenda mtundu wina wa galimoto umene m'kati mwake muli bedi, pophikira, chimbudzi, nthawi zina ngakhale bafa. M'Chingerezi amaitcha motorhome, koma pano tiziti nyumba yoyenda. Kuno kwathu ku Malawi timaiona mwa apo ndi apo, alendo odzaona malo akamatsika nayo mumsewu wa M1 kuchokera ku Songwe n'kukaima m'mphepete mwa nyanja ku Chitimba kapena ku Kande. Munthu akalowa m'galimoto yotere koyamba, maso amathamangira pa makabati onyezimira, mipando yawofuwofu ndi firiji, ndipo ogulitsa amadziwa kuti mtima wa wogula umagwidwira pamenepo. Komatu mbiri ya chinthuchi, imene yadutsa zaka 100, ikuphunzitsa zina. Nthawi iliyonse imene opanga ndi ogula anaika mtima pa nyumba n'kuiwala galimoto imene yasenza nyumbayo, kulemera, mtengo wa mafuta ndi malamulo a pamsewu zinawabweza. Mitundu imene inakhalitsa ndi ija inamangidwa pa galimoto wamba, yodziwika kwa makaniko aliyense. N'chifukwa chake ndikunena kuti wofuna kugula asankhe galimoto kaye, nyumba pambuyo.

Ganizo loyenda ndi nyumba pofuna kusangalala linayamba magalimoto asanafale. Mu 1885 dokotala wina wa ku Scotland, William Gordon Stables, anapangitsa ngolo yokokedwa ndi akavalo yotchedwa The Wanderer, n'kuyenda nayo kuchokera kumwera kwa England mpaka ku Inverness. Anthu ena opeza bwino anatengera, moti mu 1907 ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe la Caravan Club, limene mu 2017 linasintha dzina kukhala Caravan and Motorhome Club. Magalimoto atafika, olemera ndi amenenso anayamba kuyesa. Mu 1910 kampani ya Pierce-Arrow inaonetsa ku New York galimoto ya Touring Landau, imene mpando wake wakumbuyo unkasanduka bedi, yokhala ndi posambira m'manja ndiponso lamya yolankhulira ndi dalaivala. Mu 1915 banja la Roland Conklin linanyamuka ku New York kupita ku San Francisco m'chigalimoto cholemera matani pafupifupi 8, chokhala ndi khitchini ndi bafa. Nyuzipepala zinagoma nawo ulendowo, koma otsatira anali ochepa. Magalimoto amenewa ankapangidwa imodziimodzi, pamtengo umene munthu wapantchito sakanaulota, ndipo misewu ya masiku amenewo, yambiri yafumbi ndi matope, sinkatha kusenza katundu wolemera chotero.

Chimene chinatsegulira anthu wamba njira ndi galimoto yotsika mtengo. Ford Model T, imene inatuluka mu 1908, inapangidwa miyandamiyanda, masipeya ake ankapezeka m'tauni iliyonse, ndipo mlimi ankatha kuikonza yekha pakhomo. Anthu anayamba kumangirira matenti ndi mabokosi a ziwiya m'mbali mwake, ena n'kukhomera kanyumba ka matabwa kumbuyo. Mu 1919 apaulendo oterewa anakumana ku Tampa, m'chigawo cha Florida, n'kupanga gulu la Tin Can Tourists, ndipo matauni ambiri anayamba kuwakonzera malo oimapo okhala ndi madzi ndi zimbudzi. M'zaka za m'ma 1930 imene inatchuka ndi kalavani, ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto. Arist Dethleffs anapanga yake ku Germany mu 1931, ndipo ku America Wally Byam anayamba kugulitsa makalavani a Airstream. Kalavani inakondedwa chifukwa banja linkagwiritsa ntchito galimoto imene linali nayo kale. Ulendo ukatha, ngolo inkamasulidwa, galimoto n'kubwerera ku ntchito zake za tsiku ndi tsiku.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu a ku Ulaya analibe ndalama zogulira magalimoto awiri, ndipo kusowako kunabala nzeru. Kampani ya Volkswagen inatulutsa vani yake ya Type 2 mu 1950, ija ambiri amaidziwa ndi dzina loti kombi, ndipo chaka chotsatira kampani ya Westfalia inayamba kupanga mipando ndi makabati zoikamo ndi kuchotsa. Pakati pa sabata vani inkanyamula katundu, Loweruka n'kusanduka pogona pa banja. Ku England kampani ya Martin Walter ya ku Folkestone inachita zofanana ndi vani ya Bedford, n'kuitcha Dormobile, yokhala ndi denga lotukuka kuti munthu athe kuimirira pophika. Ku South Africa kampani ya Jurgens inamanga Autovilla pa kombi yomweyo m'zaka za m'ma 1970. Tinyumba timeneti tinali topanikiza, topanda bafa, komabe tinafika kutali kuposa zigalimoto za olemera zija, ndipo kombi ya mtundu wakale inapangidwabe ku Brazil mpaka 2013. Mphamvu yake inali pa injini yosavuta, imene makaniko wa m'dziko lililonse ankaimvetsa.

Ku America zinthu zinalowera kwina, chifukwa mafuta anali otsika mtengo ndipo lamulo la 1956 linayambitsa ntchito yomanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo zonse. Mu 1958 Ray Frank wa ku Michigan anamanga nyumba yathunthu pa chimango cha lole ya Dodge, ndipo ntchito yake inadzakula n'kukhala Travco. Mu 1966 kampani ya Winnebago ya ku Forest City, ku Iowa, inatulutsa nyumba yoyenda pamtengo wa pafupifupi theka la wa opikisana nayo, chifukwa inkazipanga zambiri motsatizana m'fakitale. Chaka ndi chaka nyumbazo zinkatalika ndi kulemera. Mu 1973 General Motors inatulutsa yakeyake ya GMC, yokongola kwambiri, koma chaka chomwecho mayiko a Aluya anachepetsa mafuta ogulitsa kunja, mtengo wa mafuta osayenga n'kukwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Malonda anagwa, GMC inaleka kupangidwa mu 1978 zitatuluka pafupifupi 13,000, ndipo vuto la mafuta la 1979 linakanthanso msika. Zomwezi zinabwerezeka pa mavuto a zachuma a 2008. Makampani akuluakulu a Fleetwood ndi Monaco Coach analephera kubweza ngongole mu 2009, ndipo ku Elkhart, m'chigawo cha Indiana, kumene kumapangidwa ambiri mwa magalimoto amenewa, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse anali pa ulova. Amene anagula zikuluzikulu pangongole anatsala ndi katundu wodula kuyendetsa komanso wovuta kugulitsa.

Ku Ulaya misewu yopapatiza, dizilo wodula ndi malamulo zinasunga nyumba yoyenda pa msinkhu woyenera. Kampani ya Hymer ya ku Germany inatulutsa Hymermobil mu 1971, ndipo chiyambire 1981, pamene Fiat inatulutsa vani ya Ducato, gawo lalikulu la nyumba zoyenda za kumeneko lamangidwa pa vani imeneyi, pambali pa Mercedes Sprinter ya mu 1995 ndi Ford Transit. Nambala imene imalamula msika wonsewo ndi makilogalamu 3,500, malire a laisensi wamba yoyendetsera galimoto. Ku Britain amene anakhoza mayeso a galimoto chisanafike chaka cha 1997 amaloledwa mpaka makilogalamu 7,500, koma wapambuyo pake ayenera kulembanso mayeso ena. Apa ndi pamene ogula ambiri amapunthwa. Opanga amadzaza nyumba ndi zinthu zokopa mpaka kuyandikira malirewo, mpata wa katundu n'kutsala wochepa. Malita 100 a madzi ndi makilogalamu 100, ndipo mukawonjezapo anthu anayi, masilinda a gasi, chakudya ndi njinga, galimoto yapyola kale muyeso, mabuleki akuvutika, apolisi ali ndi mlandu nanu. Malamulo a utsi nawonso alowererapo. Mzinda wa London unakhazikitsa dera lochepetsa utsi lotchedwa ULEZ mu 2019 n'kulikulitsa mu 2023, moti galimoto ya dizilo yakale imalipira tsiku lililonse ikayendamo, ngakhale m'kati mwake mukhale mokongola chotani.

Phunziro laposachedwa linabwera ndi mliri wa Covid-19. Anthu poopa ndege ndi mahotela anathamangira magalimoto ogonamo, ndipo mu 2021 mafakitale a ku America anatulutsa oposa 600,000, kuphatikizapo makalavani, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo. Pofika 2023 chinali chitatsika kufika pa 313,000. Wogula pa nthawi ya chipwirikiti chija analipira mtengo wokwera, ndipo msika utazizira mtengo wa galimoto yake unatsika, ngongole ikadalipo. Changu pogula chinthu chodula chonchi chimalipiritsa kawiri.

Mbiri yonseyi ikuika mafunso a wogula m'ndondomeko yake. Loyamba ndi lakuti mudzayenda kuti, anthu angati, kangati pa chaka, ndipo njira yabwino yodziwira yankho ndi kubwereka kaye ya hayala kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Lachiwiri ndi la galimoto ya pansi: injini yake ndi yanji, masipeya amapezeka kuti, buku la sevisi likunena chiyani, nanga dzimbiri lafika pati pa chimango. Lachitatu ndi kulemera, ndipo wogula wanzeru amapita nayo pa sikelo asanapereke ndalama. Lachinayi ndi chinyontho, mdani wamkulu wa nyumba yoyenda yakale. Makoma ake ndi opyapyala, ambiri ali ndi matabwa m'kati, ndipo madzi akalowa pa mfundo za denga kapena m'mbali mwa mawindo amawoletsa mwakachetechete kwa zaka, kunja kukuwalabe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Fungo la nkhungu, khoma lofewa mukalidinikiza ndi madontho pa siling'i ndi zifukwa zokwanira zobwerera. Mapaipi a gasi awonedwe ndi mmisiri, ndipo mukhale kachipangizo kochenjeza za mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha munthu ali m'tulo. Matayala awerengedwe zaka, chifukwa galimoto yoima nthawi yaitali imang'alula matayala mapanga ake akadali akuya. Makatani ndi mtundu wa makabati zibwere pamapeto penipeni.

Wina anganene kuti uku ndi kupeputsa nyumba, pamene munthu amagula chinthuchi kuti agonemo bwino. N'zoona kuti banja la ana atatu silingakwane m'kavani kakang'ono, ndipo bedi loipa limawononga ulendo. Koma matiresi mungasinthe, shelefu mungawonjezere, pamene kutalika, kulemera ndi injini mudzakhala nazo mpaka tsiku logulitsa. Galimoto imene mwini wake amaopa kuiyendetsa, kapena imene ilibe poimika, imathera pabwalo. Wina anganenenso kuti nyumba yoyenda imapulumutsa ndalama za hotela. Izi zimatheka kwa woyenda miyezi yambiri pa chaka. Kwa woyenda masabata awiri okha, inshulansi, msonkho, sevisi, malipiro a malo ogonapo ndi kutsika kwa mtengo wa galimotoyo zimatha kudya zonse zimene wapulumutsa. Palinso otsutsa amene amaloza ku masola, mabatire a lithium ndi intaneti, n'kumati luso latsopano lathetsa mavuto akale. Lathandizadi, chifukwa lero munthu atha kukhala masiku angapo kutali ndi magetsi firiji ikugwira ntchito. Koma sola siichotsa kilogalamu ngakhale imodzi pa sikelo, ndipo siitseka denga lodontha.

Chotsutsa chomaliza n'chakuti nkhaniyi ndi ya olemera a kunja, ife siitikhudza. Mbali ina n'zoona, ngakhale kuti buku la Jessica Bruder la Nomadland, la mu 2017, linaonetsa kuti ku America komweko ena amakhala m'mavani chifukwa chosowa nyumba. Komabe abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa ali pakati pa msika umenewu, ndipo kuno kwathu ochita malonda okopa alendo angaganize zoitanitsa galimoto yotere. Kwa iwowa mfundo yanga ikulemera koposa. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amayendetsa kumanzere kwa msewu, pamene zambiri za ku America ndi ku Germany zili ndi chiwongolero kumanzere, chinthu chovuta podutsa galimoto ina. Zambiri za ku Ulaya n'zotsika pansi ndi zazitali kumbuyo, zopangidwira phula losalala, ndipo msewu wokumbika wa nthawi ya dzinja umagwedeza mfundo za nyumba mpaka kutsegulira madzi njira. Si mwangozi kuti ambiri odutsa Africa pamtunda amasankha Land Cruiser, Hilux kapena lole yolimba n'kumangapo kanyumba kochepa, chifukwa masipeya ake amapezeka ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Tete. Choncho inu amene mukulingalira zogula, musanatsegule kabati iliyonse gwadani muone pansi pa galimotoyo, funsani mapepala ake, ikwezeni pa sikelo, ndipo muitane makaniko amene mumamukhulupirira. Ikalephera pamenepo isiyeni, ngakhale m'kati mukhale mokoma bwanji.